Fodya wa m'kaliwo: ntchito yeniyeni imayamba mukathyola

Amene akufuna kudzilimira fodya wosutira m'kaliwo asayambe ndi munda waukulu. Mapesi 20 kapena 30 ndi okwanira kuphunzirirapo, popeza phesi limodzi losamalidwa bwino limatulutsa masamba ouma olemera pafupifupi magalamu 100. Kulimako si kovuta kwenikweni. Ambiri amagwa mphwayi akakolola, pomwe asuta tsamba longouma kumene n'kupeza likukanda kukhosi ndiponso likununkha udzu. Amathamangira kunyoza mbewu, chonsecho fodyayo sanafike.

Za kumunda tidutsepo mwachangu. Njere za fodya ndi zazing'ono zedi, mu galamu imodzi mumakhala zoposa 10,000, choncho zisakanizeni ndi mchenga wosefa musanawaze pa nazale. Musazikwirire, zimafuna kuwala kuti zimere. Pakatha masiku 7 mpaka 14 zimatuluka, ndipo mbande zimakhala zokwana kuwokera pakatha masabata 6 mpaka 8, zikatalika pafupifupi masentimita 15. Pakati pa mapando pakhale masentimita 60, pakati pa mizere mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Pewani malo omwe munali tomato, tsabola kapena fodya chaka chatha, chifukwa mbewuzi ndi za banja limodzi ndipo zimasiyirana matenda ndi tinyongolotsi totupitsa mizu. Wosuta asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbande, poti kachilombo ka mosaic, koyambitsa nthenda ya masamba, kamatha kukhalabe kamoyo m'fodya wouma.

Pa feteleza pali msampha umene suonekera m'munda. Feteleza wokhala ndi chlorine, monga muriate of potash, amakulitsa fodya bwinobwino, koma tsamba lake limakana moto. Mumayatsa kaliwo, mukakoka kawiri wazima. Funani sulphate of potash. Nayitrojeni nayenso asachuluke, makamaka mochedwa: tsamba limabiriwira mosiririka koma limachedwa kupsa, limavuta kuumitsa, ndipo utsi wake umakhala waukali.

Maluwa akayamba kuoneka dulani mutu wa phesi kuti chakudya chipite kumasamba. Mukatero mphukira zimabuka m'khwapa mwa tsamba lililonse, ndipo muzizichotsa sabata ndi sabata zisanakule. Kuthyola kumayambira pansi kukwera m'mwamba, masamba awiri kapena atatu pa ulendo. Tsamba lakupsa limatuwirako chikasu, limakhakhala, ndipo mukalipinda pa tsinde limathyoka ndi kaphokoso. Musathyole masamba onyowa ndi mame kapena mvula musanavale kanthu m'manja, chifukwa chikonga chimalowa pakhungu n'kuyambitsa chizungulire, nseru ndi kusanza. Valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, ndipo ana asayandikire ntchitoyi.

Tsopano kuumitsa, kumene anthu amakumva molakwika. Cholinga si kuchotsa madzi msanga. Tsamba lothyoledwa limakhala likadali lamoyo kwa masiku angapo, ndipo m'masiku amenewo ndi pomwe kubiriwira kumasweka, sitachi n'kusanduka shuga. Likauma lisanamalize zimenezi limakhala lobiriwira mpaka kalekale, ndipo palibe chomwe mungachite kuti mulikonze. Choncho sokani masamba awiriawiri motembenuzirana misana, muwapachike pa mikangala m'chigafa mopanda dzuwa, mosiya kampata ka dzanja pakati pawo. Chinyezi cha mumpweya chikhale cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti. Ngati mulibe choyezera, funsani dzanja lanu: m'mawa tsamba lizikhala lofewa, masana lizikhala louma pang'ono. Likamachita khirichikhirichi tsiku lonse lisanachite chikasu, tsekani m'mbali ndi kuthira madzi pansi. Likakhala lonyowa usana ndi usiku, tsegulani mpweya udutse, apo ayi chuku chilowa. Fodya wa Burley amatenga masabata 4 mpaka 8 motere. Mwamaliza pokhapokha msempha waukulu wapakati ukamathyoka m'malo mopindika.

Fodya wa mtundu wa Virginia, yemwe amakondedwa chifukwa chotsekemera, amafuna kutentha kowongoleredwa, kuyambira pa madigiri 35 mpaka kufika cha m'ma 70 m'kati mwa sabata imodzi, kuti shuga asathe. Kwa woyamba kumene ine ndimalangiza Burley, amakhululuka zolakwa zambiri.

Tsamba lofiirira bwino lija likadali losasutika. Muli amoniya ndi zina zowawa zomwe zimachoka pang'onopang'ono, ndipo zimachoka pokhapokha tsamba lili ndi kachinyezi. Louma gwaa silisintha ngakhale litakhala zaka. Dikirani tsiku la chinyezi kapena liwazeni madzi pang'ono mpaka lifewe ngati chikopa chofufuta bwino, moti mukalifumbata n'kutsegula dzanja limabwerera losang'ambika komanso losanyowetsa chikhatho. Mangani ndindi, muziike m'katoni kapena m'bokosi la matabwa pamalo ozizira, amdima. Mwezi uliwonse tsegulani, nunkhizani, tembenuzani. Fungo la amoniya lisakuopseni, likusonyeza kuti ntchito ikuyenda. Fungo la nkhungu ndiye la tsoka, ndipo tsamba lililonse lochita chuku litayeni, osalipukuta n'kulibwezera. Pakatha chaka fodya amayamba kufatsa, wa zaka ziwiri kapena zitatu ndiye amakoma kwambiri. Amene sangathe kudikira amapanga kabokosi kosunga kutentha pa madigiri pafupifupi 50 ndi chinyezi cha 70 peresenti, ndipo masabata 4 mpaka 6 amachita zambiri mwa zomwe chaka chikanachita. Mukaona timabowo tozungulira ndi kafumbi pansi pa bokosi, mwalowa kafumbwe wa fodya. Ikani masambawo m'thumba lotseka bwino, muwasiye m'firiji yoziziritsa kwambiri kwa sabata.

Pokonza fodya woti musute, chotsani msempha wapakati, sanjikizani masamba ofewa, muwapanikize pakati pa matabwa awiri ndi chitsulo chomangira kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mukumangitsa tsiku ndi tsiku. Chotuluka ndi chigulumwa cholimba chomwe mumadula ndi mpeni wakuthwa m'tizidutswa topyapyala, n'kufikisa m'manja. Musadule monyenya ngati wa ndudu, amayaka mofulumira ndi kuwotcha lilime. Kupanikiza kumeneku ndi komwe kumapanga fodya wa Perique wa ku St. James Parish ku Louisiana, ku America, yemwe amakhala m'migolo pafupifupi chaka akufufuma m'madzi ake omwe, pomwe fodya wa Latakia amatenga fungo lake ku utsi wa nkhuni ndi zitsamba. Zothira monga uchi zichepe, chifukwa zimaitana chuku.

Wina asakunamizeni kuti fodya wodzilimira alibe vuto poti mulibe mankhwala a kufakitale. Chikonga chimachokera m'tsamba momwemo, zina zoyambitsa khansa zimapangika nthawi youmitsa ndi yosunga, ndipo wosuta kaliwo ngakhale osameza utsi amaika pakamwa ndi pakhosi pake pachiswe. Komanso m'maiko ambiri kugulitsa fodya wokonzakonza kumafuna chiphaso ndi msonkho, kwina ngakhale kulima kumene kuli ndi malamulo ake, choncho fufuzani za kwanuko musanafese.