Mwana wa autism akayamba kukuwa pagulu: muchite chiyani?

Autism ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumakhudza kulankhulana, kucheza ndi ena komanso mmene munthu amamvera zinthu. Mwana wa autism akadzigwetsa pansi n'kuyamba kukuwa pakati pa msika wa Soweto ku Lusaka, anthu sachedwa kuweruza: "Mwamulekerera ameneyu, akufunika chikwapu." Nthawi zambiri si kupulupudza ayi. Makutu, maso ndi khungu lake zimamva zinthu mwamphamvu kuposa mmene inu mumamvera. Kulira kwa ma minibasi, makondakitala akuitanira anthu, fungo la kapenta, anthu akumukhudza mapewa podutsa, zonsezi zimamufikira pakamodzi mpaka mutu wake kulephera kuzisanja.

Kusiyanitsa kwake n'kotere: mwana wolirira switi amakusuzumirani kuti aone ngati mukumuyang'ana, ndipo akalandira switiyo amatonthola. Amene zamuchulukira alibe nanu ntchito, ngakhale mumupatse chimene amakonda kwambiri.

Zikafika pamenepa, yambani ndi kumuchotsa pafupi ndi msewu, mbaula kapena chilichonse chimene chingamupweteke, mupite naye pamalo opanda phokoso, ngakhale kuseri kwa shopu. Chepetsani mawu. "Ndili pano" akukwana. Mafunso monga "chavuta n'chiyani?" amangowonjezera katundu, chifukwa panthawiyo sangathe kumasulira zimene mukunena. Musamukakamize kukuyang'anani m'maso. Musamugwire mwamphamvu pokhapokha ngati akuthamangira pangozi, kapena ngati mukudziwa kale kuti kumukumbatira zolimba kumamukhazika mtima pansi. Ana ena zimawathandiza, ena zimawapsetsa mtima kwambiri. Kenako dikirani. Akatonthola mupatseni madzi, apume. Ulaliki wa "usadzachitenso" usiyeni, amakhala atatopa kale.

Ntchito yaikulu ili kunyumba, zisanachitike. Tengani kope, mulembemo kwa milungu iwiri zinthu zitatu nthawi iliyonse akavutika: zimene zinachitika asanayambe, zimene iye anachita, ndi zimene zinamutonthoza. Lembaninso ola. Mudzaona kuti zimabwerezabwereza: mwina ndi njala ya cha m'ma 11, mwina juzi ya sukulu imene imamuyabwa pakhosi, mwina jenereta ya aneba magetsi akazima. Chikadziwika chimene chikumusautsa, sinthani chinthucho. Dulani kalebulo ka pakhosi, muvekeni malaya ofewa mkati, muguleni zotseka makutu zimene amagulitsa m'mashopu a zipangizo zomangira.

Ana ambiri a autism amavutika ndi zinthu zodzidzimutsa, choncho muonetseni tsiku lake pazithunzi. Jambulani ndi foni zinthu zenizeni za pakhomo panu: beseni lake losambira, mbale yake ya phala, geti la sukulu yake. Zithunzi zongotola pa intaneti nthawi zina sizigwira, chifukwa mwanayo saona kuti beseni la pachithunzi ndi lake lomwe lija. Yambani ndi zithunzi 3 kapena 4, muzimate pakhoma motsatana, ndipo chinthu chikatha achotse yekha chithunzicho. Musaiwale chithunzi cha "zasintha", cha tsiku limene magetsi azima kapena kwabwera alendo. Pomuchotsa pa masewera, muuzeni kutatsala mphindi 5, mubwerezenso kutatsala imodzi. Kumsika pitani naye m'mamawa anthu asanachuluke, ulendo woyamba usapitirire mphindi 20.

Pali chinthu chimodzi chimene makolo ndi aphunzitsi ambiri amalimbana nacho pachabe: kukupiza manja, kugwedeza thupi, kung'ung'udza kapena kubwereza mawu amodzimodzi. Imeneyi ndi njira yake yodzikhazika mtima pansi. Mukamuletsa, nkhawa siichoka, imangosowa potulukira, ndiye imadzaphulika madzulo. Lowererani pokhapokha ngati akudzipweteka. Wodziluma dzanja mupatseni chinthu choyera chotafuna chimene sichingaduke n'kumutsamwa, womenyetsa mutu muikireni pilo. Ndipo kudzipweteka kukayamba mwadzidzidzi, kamuonetseni kukiliniki: dzino, khutu kapena kudzimbidwa zimachititsa zimenezi kwa mwana amene sangathe kunena pamene pakuwawa.

Anthu akuluakulu ambiri amene ali ndi autism sakuwa. Amangoti zii, mawu osatuluka, kapena amapirira tsiku lonse kuntchito n'kukafika kunyumba alibiretu mphamvu. Afunseni iwo eni chimene chimawathandiza. Kawirikawiri ndi zinthu zazing'ono: malangizo olembedwa pa WhatsApp m'malo mongonena pakamwa, desiki lakutali ndi khomo, ufulu wochoka msanga pa ukwati popanda kunenedwa kuti ndi odzikonda.

Kuti mwana apimidwe, yambirani ku kiliniki ya kwanuko mutanyamula khadi lake la under-five, kope lija ndi kavidiyo kakafupi ka pafoni, mupemphe kalata yopitira ku chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital ku Lusaka. Za maganizo a akuluakulu amaona ku chipatala cha Chainama Hills. Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo kulembetsa anthu olumala kumachitika ku bungwe la boma la Zambia Agency for Persons with Disabilities.

Autism si ufiti, siichokera ku katemera, ndipo mayi sanalakwe chilichonse. Palibenso mankhwala oichotsa, choncho wokulonjezani kuti "aichiritsa" akungofuna ndalama zanu. Katswiri aliyense amene mwamupeza mufunseni kuti cholinga chake n'chiyani. Akati mwanayo azitha kupempha madzi, kukana chimene sakufuna ndi kunena pamene pakuwawa, kaya ndi mawu, zithunzi kapena manja, pitirizani naye. Akati cholinga n'choti asiye kukupiza manja ndi kumaoneka ngati anzake, funani wina.