Kutsuka injini ya njinga yamoto yakale ndi timikanda tagalasi

Katsukidwe kameneka ndi kopopera pachitsulo timikanda tating'onoting'ono tagalasi tosakaniza ndi madzi, mokankhidwa ndi mpweya wa kompuresa. Musanapopere, phwasulani injini yonse, chotsani mabering'i ndi masili (timphira totchinga oyilo kuti asatuluke), kenaka tsukani girisi ndi palafini. Girisi wotsalira amaundanitsa timikanda n'kutseka paipi yopoperera.

Sakanizani muyezo umodzi wa timikanda tagalasi ndi miyezo inayi ya madzi. Pa aluminiyamu, kompuresa ikhale pa 3 kapena 4 bar (muyezo wa mphamvu ya mpweya). Mukapyola apo timikanda timasweka, chitsulo chimatuwa m'malo mowala. Poperani mopendeketsa, masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pachitsulo.

Chonde, samalani tinjira ta oyilo. Titsekeni ndi timapulagi, ndipo mukamaliza tsukanimo ndi madzi kangapo, n'kuuziramo mpweya mpaka madzi otuluka asamamveke ngati mchenga mukawatikita pakati pa zala. Timikanda totsalira timayenda ndi oyilo n'kukadya mabering'i a crankshaft (chitsulo chomwe mapisitoni amazungulitsa mu injini). Zitsulo zambiri zomwe si aluminiyamu zimachita dzimbiri pakangopita mphindi zochepa, choncho ziumitseni n'kuzipaka oyilo pompopompo.