Kabwato ka mapesi: mpikisano wa sayansi womwe mungachititse m'kalasi mwanu

Mwana wa ku Senga Bay kapena ku Chipoka amaona mabwato tsiku lililonse. Koma mufunseni chifukwa chake msomali umamira pomwe Ilala, sitima yachitsulo yomwe yakhala ikuyenda panyanja yathuyi kuyambira 1951, siimira, mudzaona akungokanda m'mutu. Ntchito iyi yomanga kabwato ka mapesi ndi ya mapiriyodi awiri, imayenera ana a Sitandade 6 kapena 7, ndipo simutulutsa ndalama.

Kutatsala tsiku limodzi, uzani ana abweretse mapesi ouma a chimanga, luzi ndi majumbo akale. Inu pezani beseni lalikulu, sipuni imodzi, mchenga wouma (kuno ku Salima umenewu sitisowa) ndi mabotolo apulasitiki odula pakati kuti akhale ngati zikho. Mapesi ndi mabotolo mudule nokha. Lezala isafike m'manja mwa ana.

Poyamba ponyani msomali m'beseni la madzi, kenako ikani mbale yachitsulo. Msomali upita pansi, mbale iyandama. Musafotokoze kanthu, ingofunsani kuti, "Zonsezi ndi chitsulo, nanga bwanji?" Asiyeni akangane pang'ono.

Agaweni m'magulu a ana asanu ndi mmodzi. Gulu lililonse lilandire zofanana: mapesi 10 otalika masentimita 20, luzi la mita imodzi, jumbo imodzi ndi chikho chimodzi. Ntchito yawo ndi kumanga kabwato konyamula mchenga wambiri m'chikhomo osamira, m'mphindi 20. Asanagwire chipangizo ajambule kaye m'kope zomwe akufuna kumanga, ndipo onse agwirizane.

Apa ndi pofunika kuyang'anitsitsa. Kunyanja kuno anthu amati zamabwato n'zachimuna, ndiye mukatembenuka pang'ono mupeza anyamata awiri alanda mapesi onse, atsikana apatsidwa kope kuti azilemba. Gawani maudindo nokha: awiri omanga, wina wojambula, wina woyang'ana nthawi, wina wothira mchenga, wina wowerenga. Paulendo wachiwiri asinthane.

Poyesa, mchenga uthiridwe sipuni imodziimodzi, yosasefukira, kalasi yonse ikuwerenga mokweza mpaka madzi atafika pamwamba pa mapesi kapena chikho chitagwa. Lembani zotsatira pa bolodi. Magulu ambiri amamanga mapesi onse mtolo umodzi ngati nkhuni, ndipo kabwato kotere kamagudubuka sipuni zisanachuluke. Ena amayala mapesi ngati mphasa koma amamanga luzi mbali imodzi yokha, ndiye amabalalika m'madzi. Phokoso ndi kuseka zidzakhalapo, zisakudetseni nkhawa.

Ulendo wachiwiri ndiye mwini nkhani, ndipo aphunzitsi ambiri amaudumpha poti nthawi yatha. Musaudumphe. Gulu lililonse linene chomwe chinalakwika ndi chinthu chimodzi chomwe lisinthe, kenako muwapatse mphindi 10 zokha. Lilime lidzakuyabwani kufuna kuwauza kuti akute mapesi ndi jumbo kuti pakhale mphako ya mpweya. Dzigwireni. Gulu limodzi likatulukira, ena adzaonera, ndipo kuonera pano si mlandu.

Akamaliza, bwererani ku mbale ija. Chinthu chikalowa m'madzi chimakankha madzi ena, ndipo madziwo amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi omwe chawakankha. Izi anazifotokoza Archimedes, katswiri wa masamu wa mumzinda wa Syracuse pachilumba cha Sicily, zaka zoposa 2,000 zapitazo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho bwato lomwe likukankha malita 300 lingasenze makilogalamu 300, kuphatikizapo kulemera kwake komwe. Msomali umakankha timadzi tochepa kwambiri, pomwe mbale ndi yotakata ndipo m'kati mwake muli mpweya.

Nthawi ikatsala, tengani katoni mukupize pamwamba pa beseni, muwauze kuti mwera wayamba. Kabwato komwe kanapambana pamadzi odekha nthawi zina ndi komwe kamayamba kugubuduzika. Popita kunyumba, auzeni akafunse amalume awo opha usipa kuti katundu wolemera amamuika pati m'bwato, ndipo n'chifukwa chiyani.