Tintchentche takuda m'mapoti ndi m'machubu a mbande: ufa wa diatomaceous earth umagwira ntchito pouma pokha

Amene muli ndi maluwa a m'mapoti pakhonde kapena kanazale ka tomato, tsabola kaya mitengo ya m'machubu, tintchentche tija mukutidziwa, takuda, tating'ono kwambiri mwina mamilimita 3 basi, miyendo yaitali ngati kaudzudzu, mukangogwedeza poti kapena kuthira madzi timadzuka tonse balala kenako n'kuteranso padothi pomwepo. Pachingerezi amati fungus gnats. Sitiluma munthu ndipo touluka tija sitidya n'komwe mbewu yanu, vuto ndi ana ake. Kakakazi kamodzi kamakhala moyo pafupifupi sabata imodzi koma m'masiku amenewo kamatha kuikira mazira oposa 100 m'dothi lonyowa, pakapita masiku 4 mpaka 6 mazira aja aswa timphutsi toyera tooneka mkati ta mutu wakuda, ndiye timphutsi timeneti timakhala pamwamba pamwamba, masentimita 5 oyambirira a dothi, kudya chuku ndi zoola za m'manyowa komanso timizu tanthete kwa masabata awiri. Duwa lalikulu limapirira, koma mbande yongomera kumene imangofota muli kuthirira tsiku lililonse, inu n'kumati mwina madzi akuchepa, n'kuwonjezeranso madzi, pamene madziwo ndi amene akuweta tizilomboto.

Musanagule chilichonse yambani mwatsimikiza kuti ndi timeneti. Dulani mbatatesi yaiwisi kachidutswa kopyapyala, kagonekeni padothi mbali yodulayo pansi, pakatha masiku awiri kapena atatu mukavundukule. Ngati timphutsi tilimo mutipeza titamatirira pamenepo tikudya.

Tsopano za ufa wothana ndi tintchentcheti. Diatomaceous earth, ena amangoti DE ena diatomite, si mankhwala opangidwa kufakitale ayi, ndi mwala wofewa woyera umene amakumba n'kupera. Unapangika kuchokera ku tizigoba ta ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso zimene zinkafa n'kumaunjikana pansi pa nyanja kalekale, ndipo tizigobato n'ta silica, chinthu cholimba chimene chimapezekanso mu mchenga. Ku Kenya amaukumba ku Kariandusi kufupi ndi Gilgil. Mukaugwira m'manja umangomveka ngati ufa woyera wa nsima, koma kwa kachilombo ndi nkhani ina, chifukwa khungu la kachilombo limakhala ndi kamafuta kopyapyala kamene kamasunga madzi m'thupi, ndiye ufa uja ukakamatira umakanda khungulo n'kuyamwa mafutawo, kachilombo kamauma mpaka kufa. Palibe poizoni, ndiye sikuti mukathira m'mawa masana mupeza mitembo, pamapita tsiku kapena masiku angapo. Amene anakulira kumudzi akudziwa za phulusa lothira mu nyemba kuopa anankafumbwe, maganizo ake ndi omwewo, ndipo ofufuza ku Zimbabwe ndi ku Tanzania anauyesapo ufa umenewu posunga chimanga.

Pogula samalani, ulipo wa mitundu iwiri. Wolembedwa kuti food grade ndi umene mukufuna, kapena wolembedwa kuti ndi wa tizilombo ta m'munda. Wina uja wa mafyuluta a swimming pool usiyeni, umenewo anauwotcha pamoto waukulu ndipo fumbi lake limawononga mapapo, komanso pa tizilombo sugwira bwino. Funsani m'masitolo a zaulimi, a zakudya za ziweto kapena ogulitsa maluwa, mukapanda kuupeza musataye mtima chifukwa zambiri zimene ndinene m'munsimu zimathekabe popanda ufawo.

Kathiridwe kake kali chonchi. Choyamba lekani kuthirira mpaka dothi la pamwamba liume, lowetsani chala mpaka pa mfundo yachiwiri, ngati chikutuluka ndi matope dikiranibe. Ndikudziwa mtima umawawa kuona duwa lili pouma koma maluwa ambiri a m'mapoti amafa ndi madzi ochuluka osati ludzu. Chotsani masamba ogwa ndi zoola zonse pamwamba, ngati pali ndere zobiriwira kapena chuku choyera palani ndi supuni n'kukataya kutali, osati pa mulu wa kompositi umene mudzatapeponso mawa. Kenako tengani kabotolo kapulasitiki kouma, boolani chivindikiro ndi msomali wamoto mabowo angapo, kapena gwiritsani kasefa ka tiyi kakale, wazani ufa uja pamwamba ponse mpaka dothi liyere, osaiwala m'mphepete mmene dothi limasiyana ndi poti chifukwa tintchentche timakonda kulowera mmenemo. Sikofunika kuunjika mulu, bola paliponse pamene kachilombo kangatere pakhale ufa. Chitani zimenezi kulibe mphepo, valani masiki kapena mangani kansalu pamphuno, ana ndi galu akhale patali mpaka fumbi likhazikike, ndipo sambani m'manja mukamaliza chifukwa umaumitsa khungu.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya n'kumati ufawu ndi wabodza. Ukanyowa sugwira ntchito. Mukawaza m'mawa madzulo n'kubwera ndi ndowa kuthira pamwamba, mwapanga phala, kachilombo kangoyenda pamenepo bwinobwino. Ukaumanso mphamvu imabwerera koma nthawi zambiri umakhala utagwirana kapena utalowa pansi, ndiye ndi bwino kuwazanso wina. Njira yabwino ndi kuthirira kuchokera pansi, ikani poti m'beseni la madzi pang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, dothi limwe lokha kudzera m'mabowo a pansi, kenako chotsani poti madzi akhe, osasiya kambale ka pansi kali ndi madzi usiku wonse. Mizu yamwa, pamwamba pali pouma, ufa uli pomwepo. Ndipo kunena zoona, osavutika kusakaniza ufawu mkati mwa dothi poganiza kuti ukapha timphutsi, mkatimo m'monyowa ndiye mwangotaya ndalama. Ntchito yake ili pamwamba, kugwira touluka tikamabwera kudzaikira mazira ndi tatsopano tikamatuluka m'dothi.

Nthawi ya dzinja mapoti ali pamtetete mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, iwalani za ufa, alowetseni pakhonde kaye kapena ayikireni denga la pulasitiki. Kwa a nazale ya machubu ambiri kuthirira pansi n'kovuta, ndiye thirirani m'mawa kwambiri, chepetsani mthunzi wa udzu uja kuti mphepo idutse, siyani mpata pakati pa mizere, ndipo wazani ufa pamwamba pakangouma. Onaninso manyowa anu, a ng'ombe kapena a nkhuku osapsa bwino ndi amene amaitana tintchentcheti, ngakhalenso chizolowezi chothira masamba a tiyi ndi makoko a nthochi mupoti, pa ine ndekha sindichikonda n'komwe.

Musasiye msanga. Kuchokera dzira mpaka kouluka pamapita masabata 3 mpaka 4, ndiye mukaona kuti tachepa sabata yoyamba musati zatha, ena akadali m'dothi akubwera. Pitirizani mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Ikaniponso misampha yachikasu, tizilomboti timakopeka ndi mtundu umenewu, ilipo yogula yomata kale koma mutha kudula chigubu chachikasu cha mafuta ophikira tizidutswa, kupaka Vaseline mbali zonse n'kuzika pakamtengo pafupi ndi dothi osati m'mwamba, sitiuluka patali. Misamphayi imakuuzaninso ngati nkhondo ikutheka, mukamapeza tochepa sabata ndi sabata ndiye kuti zikuyenda. Ngati ufa mulibe, mchenga wa kumtsinje wokhakhala wouma bwino, sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa dothi, umathandizanso chifukwa umauma msanga ndipo kakakazi kamasowa poikira. Phulusa musathire lambiri mupoti, limasintha dothi ndipo mbande zina zimapsa nalo. Zikakhala kuti timphutsi tachuluka kwambiri, chimene chimapha iwo mkati mwa dothi lonyowa ndi Bti, mabakiteriya amene amagwiritsidwanso ntchito popha mphutsi za udzudzu m'madzi, mumasungunula m'madzi othirira. Kapena zulani duwalo, sasani dothi lakale, tsukani poti ndi sopo n'kubzala m'dothi latsopano lotaya madzi bwino.

Pa tizilombo tina, nyerere zimene zimakwera mupoti kukaweta nsabwe za m'masamba, kuwaza mzere wa ufa kuzungulira poti kumathandiza bola pakhale pouma. Chiswe chimene chikudya mizu pansi sichifikiridwa, ndipo ngati mizu ya tomato yatupa timfundo timfundo amenewo ndi ma nematode, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso ta m'dothi, ufa supanga kanthu, pamafunika kusintha dothi kapena kasinthasintha wa mbewu. Nkhono zimayenda usiku kuli mame ndiye musadalire kwambiri, kuzitola ndi tochi kumaposa. Chinanso ufawu susankha, njuchi ndi tizilombo tothandiza timene timadya nsabwe timafanso nawo, ndiye osawaza pa maluwa otseguka kapena kumwaza dimba lonse, padothi la mupoti basi. Wotsala sungani m'chitini chotseka bwino pamalo ouma, suwonongeka ngakhale papite zaka bola chinyezi chisalowe.