Thandizo la khonsolo kwa amalonda ang'onoang'ono: konzani mapepala chidziwitso chisanatuluke

Khonsolo ikalengeza thandizo la ochita malonda ang'onoang'ono, nthawi yoperekera mafomu imakhala yochepa, mwina masabata awiri kapena atatu okha. Fomu mutha kuilemba madzulo amodzi. Koma chiphaso chatsopano cha bizinesi cholowa m'malo mwa chomwe chinatha mphamvu, akaunti ya ku banki ya m'dzina la bizinesi, ndi kalata yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho sizipezeka m'masiku ochepa chonchi. Ambiri amagwera pamenepa. Pa gawo loyamba, wogwira ntchito wa khonsolo sawerenga n'komwe za ubwino wa malonda anu. Amakhala ndi ndandanda pambali, n'kumachonga ngati pepala lililonse lomwe linapemphedwa lilipo. Likasowa limodzi, fomu imapita pa mulu wina, ndipo komiti yosankha siyiona.

Choyamba dziwani kuti mawu akuti thandizo amatanthauza zinthu zingapo. Pali ndalama zosabweza, zomwe aliyense amathamangira ndipo zimakhala zochepa. Pali ngongole ya chiwongoladzanja chotsika, yomwe nthawi zambiri imadzera ku banki kapena bungwe lina logwirizana ndi khonsolo. Pali malo ogulitsirapo mumsika kapena m'nyumba za khonsolo, maphunziro a kasungidwe ka mabuku ndi ukhondo, komanso mwayi wolipira pang'onopang'ono msonkho wa malo womwe unaunjikana. Pali kugulitsa katundu kapena kugwira ntchito ku khonsolo yeniyeniyo, pakuti nayo imagula mapepala, yunifolomu, zotsukira, imakonzetsa magalimoto ndi kupentetsa nyumba. Malamulo a dziko lililonse ndi amene amanena zomwe khonsolo ingachite, choncho musayembekezere kupeza zonsezi malo amodzi. Ziwiri zomalizazi, za malo ndi maphunziro komanso kugulitsa ku khonsolo, anthu amazinyalanyaza, chikhalirecho ndi zomwe zimakhalapo chaka chonse.

Nkhani zake zimatulukira pa bolodi la zidziwitso la ku ofesi, pa tsamba la khonsolo la pa intaneti kapena pa Facebook, m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Sankhani tsiku limodzi pa sabata loti muziyang'ana, ndipo chidziwitso cha pa bolodi muchijambule pa foni chonse, mpaka timawu ting'onoting'ono ta m'munsi, chifukwa ola lotsekera ndi ofesi yolandira mafomu zimalembedwa kumeneko. Dziwaninso mwezi womwe chaka cha zachuma cha khonsolo yanu chimayamba. Miyezi ingapo chisanayambe, bajeti imakhala ikukonzedwa, ndipo makhonsolo ambiri amaitana anthu kudzapereka maganizo. Mitengo ya ziphaso, ya malo a mumsika ndi ndalama zothandizira amalonda zimakambidwa nthawi imeneyo. Kudandaula bajeti itavomerezedwa kale n'kungotaya mpweya. Gulu la amalonda likapita ndi kalata imodzi yokhala ndi zopempha ziwiri kapena zitatu zomveka, limamvedwa kuposa anthu 30 olankhula aliyense zake.

Khansala wa dera lanu angakuuzeni zomwe zikubwera ndipo angakanenere madandaulo anu ku msonkhano. Koma si iye amalandira kapena kuyeza mafomu. Fomu yosiyidwa m'manja mwa khansala imakhala isanafike.

Tsopano za mapepala. Gulani fayilo imodzi yolimba. Muikemo chikalata cha kaundula wa bizinesi, chiphaso cha khonsolo cha chaka chino ndi lisiti lake, nambala yanu ya msonkho pamodzi ndi kalata yosonyeza kuti mwalipira, chitupa cha mwini bizinesi, pangano la lendi kapena umboni woti malowo ndi anu, ndi masitetimenti a ku banki a miyezi 6 yapitayi. Ogulitsa zakudya, ometa ndi okonza tsitsi awonjezere satifiketi ya oyendera zaumoyo. Pepala lililonse likhale ndi makope awiri, ndipo mulijambulenso bwino pamalo owala n'kulisunga ngati PDF. Pepala lenilenilo musamalisiye ku ofesi iliyonse. Pa chikuto cha fayilo lembani tsiku lomwe pepala lililonse litha mphamvu, kuti muyambe kulikonza kukadali mwezi umodzi.

Kenako yalani mapepala onsewo patebulo, muwerenge dzina lomwe lili pa lililonse. Kawirikawiri mudzapeza kuti kaundula ali ndi dzina lonse la bizinesi, chiphaso chili ndi lofupikitsa lomwe lili pa chikwangwani, akaunti ili m'dzina la mwiniwake, pomwe pangano la lendi linasainidwa ndi mkazi kapena mwamuna wake. Kwa inu zonsezi ndi bizinesi imodzi. Kwa wowerengera ndalama za boma ndi anthu anayi osiyana, ndipo sangalipire dzina lomwe silili pa fomu. Kukonza dzina ku banki kapena ku kaundula kumatenga nthawi, n'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya lero. Chimodzimodzi adiresi: ngati munasamuka osadziwitsa khonsolo, chiphaso chanu chikunena za malo omwe simuli.

Buku la malonda lisakuopseni. Kope wamba ndi lokwanira, bola likhale ndi mizati isanu: tsiku, chomwe chagulitsidwa kapena kugulidwa, ndalama zolowa, zotuluka ndi zotsala. Lembani tsiku lililonse, ndipo ndalama zomwe mwatengera pakhomo zilembedwenso. Buku lolembedwa usiku umodzi ndi cholembera chimodzi, lopanda pofufuta ngakhale pamodzi, oyeza mafomu amalizindikira, makamaka likamasemphana ndi sitetimenti ya ku banki.

Chidziwitso chikatuluka, musayambe ndi kuchuluka kwa ndalama. Yambani ndi omwe akuloledwa: bizinesi ya zaka zingati, ya antchito angati, ya m'dera liti. Kenako zomwe ndalamazo zingagule, chifukwa thandizo lambiri limalola zipangizo ndi kukonza malo koma limakana lendi, malipiro, katundu wogulitsa ndi kubweza ngongole zakale. Chachitatu, chomwe chimapweteketsa ambiri, ndi kalipiridwe kake.

Tiyerekeze kuti chidziwitso chati khonsolo ilipira 60 pa 100 iliyonse, inu 40, ndipo idzakubwezerani mukagula. Apa simukufunika 40 yokha. Mukufunika 100 yonse m'manja, mugule, mupereke malisiti, ndipo 60 ija ibwere patapita masabata kapena miyezi. Ngati mwakongola 60 imeneyi kwa munthu wotenga 10 pa 100 pamwezi, khonsolo ikachedwa miyezi itatu mwataya 18, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thandizolo. Werengani masamu amenewa musanasaine. Ndipo musagule kanthu kalata yokuvomerezani isanafike, chifukwa lisiti la tsiku la m'mbuyo mwa kalatayo nthawi zambiri silibwezeredwa, ngakhale chinthucho chikhale chomwecho chomwe munapempha.

Nthawi zambiri mudzapemphedwa makotesheni atatu, omwe ndi mapepala omwe wogulitsa amalembapo mtengo wa chomwe mukufuna kugula. Akhale a chinthu chimodzimodzi: mtundu, kukula ndi mphamvu yofanana, ochokera kwa ogulitsa atatu osiyana, okhala ndi tsiku, chidindo ndi nthawi yomwe mtengowo ugwire ntchito. Makotesheni ambiri amatha pa masiku 30, pomwe komiti ingatenge nthawi yoposa pamenepo, choncho pemphani wogulitsa alembe masiku 60 kapena 90 ngati angalole. Funsani ngati msonkho wa VAT uli kale mumtengomo. Onjezani zonyamulira ndi zoikira makinawo. Alipo ogula makina ofuna magetsi a mafezi atatu, oyendetsera makina akuluakulu, pomwe shopu ili ndi a fezi imodzi ngati a m'nyumba wamba, makina n'kukhala pakona atafundidwa nsalu. Zomwe simunalembe mu bajeti mudzazilipira nokha.

Pofotokoza zomwe thandizolo lidzachite, lembani manambala omwe mungawaikire umboni. Kunena kuti bizinesi idzakula sikuuza komiti kanthu. Nenani kuti pano mumasoka zovala 12 pa sabata ndi makina amodzi, ndi achiwiri mudzafika pa 20 ndi kulemba munthu mmodzi. Musakokomeze, pakuti nambala yomwe mwalembayo ndi yomwe adzakufunseni pa lipoti.

Kugulitsa ku khonsolo kuli ndi malamulo ake okhwima. Yambani n'kufunsa ku ofesi yogula katundu momwe mungalembetsere pa ndandanda wa ogulitsa, chifukwa zogula zing'onozing'ono amapempha makotesheni kwa omwe ali pa ndandandawo. Pa tenda, pomwe khonsolo imaitana ogulitsa kuti apikisane popereka mitengo, envulopu imamatidwa, kunja kwake n'kulembapo nambala ya tendayo monga momwe anenera, ndipo imaponyedwa m'bokosi ola lisanakwane. Kuchedwa ndi mphindi zisanu n'chimodzimodzi kusabwera. Zotumiza pa intaneti zitumizeni kutatsala tsiku limodzi, netiweki imakonda kuvuta pa ola lomaliza. Onkhetsaninso mitengo kawiri, ndipo mtengo wa chinthu chimodzi ugwirizane ndi wa zonse pamodzi.

Mukapambana, musapereke katundu chifukwa cha foni yokha, ngakhale woimbayo akhale bwana. Dikirani oda yolembedwa, yosainidwa, yokhala ndi nambala. Popereka katunduyo, wolandira asaine ndi kudinda pa pepala losonyeza zomwe zafika, inu musunge kope, ndipo invoisi yanu itchule nambala ya oda ija. Popanda mapepala atatuwa, ofesi ya zachuma ilibe poyambira kukulipirani. Dziwaninso kuti maofesi a boma salipira tsiku lomwelo: funsani masiku omwe pangano likunena, ndipo oda yoyamba isadye mpamba wanu wonse.

Ndalama iliyonse ya khonsolo ilipiridwe pa kauntala ya wolandira ndalama kapena ku akaunti ya khonsoloyo, ndipo mutenge lisiti. Munthu wokuimbirani kuti dzina lanu latuluka koma mutumize kaye kenakake ku nambala yake ndi wakuba. Wokuuzani kuti akuthandizani kudutsa mukamupatsa kangachepe akukuikani pa mlandu wa ziphuphu nonse awiri.

Mukalandira thandizo, gulani zomwe munalemba. Mtengo ukakwera kapena chinthucho chikasowa pamsika, lembani kalata yopempha kusintha, mudikire yankho lolembedwa. Malisiti, zithunzi za zipangizo ndi makalata onse zilowe mufayilo ija, chifukwa owerengera ndalama atha kubwera patapita chaka kapena kuposerapo. Akakukanani, lembani kalata yaifupi yofunsa chifukwa chake, mutchule nambala ya fomu yanu ndi tsiku lomwe munaipereka. Yankho likakhala la pepala losowa kapena dzina losiyana, likonzeni mwezi womwewo, ndipo mufunse ngati padzakhala ulendo wina m'chaka chomwecho cha zachuma.