Momwe mungatetezere maselo anu ngati chithokomiro chanu chikugwira ntchito mofooka

Chithokomiro chikamatulutsa mahomoni ochepa, thupi limafooka pochotsa tizinthu totchedwa ma free radical, tomwe timadya maselo mwapang'onopang'ono ngati mmene dzimbiri limadyera chitsulo. Mafuta a LDL (kolesitolo woipa) amachulukanso m'magazi, ndipo tizinthuti tikawaononga amakanirira m'mitsempha. Ambiri akangomva zimenezi amathamangira kukagula mapiritsi a ma antioxidant, omwe amalimbana ndi ma free radical, chikhalirecho poyambira penipeni ndi mankhwala a chithokomiro omwe ali nawo kale.

Choyamba, imwani levothyroxine, mankhwala olowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, moyenera: m'mawa musanalawe kanthu, ndi madzi okha, kenako dikirani mphindi 30 mpaka 60 musanadye kapena kumwa khofi. Mapiritsi a ayironi, a kashiyamu ndi ena oletsa kutentha pamtima amatchinga mankhwalawa m'matumbo, choncho pazidutsa maola 4 musanawamwe.

Dokotala akasintha mlingo, kayezetseni magazi kuti aone TSH, homoni yosonyeza ngati mlingowo uli wokwanira, pakatha masabata 6 mpaka 8. Musamawonjezere nokha mankhwala poti mukumva kutopa. Akapyola muyeso, maselo amawotcha mphamvu mothamanga, ma free radical amachuluka, mtima umagunda mosalongosoka ndipo mafupa amayamba kufooka. Ngati mumamwa mapiritsi a vitamini wotchedwa biotin, isiyeni kwa masiku awiri musanayezetse chifukwa imasokoneza zotsatira.

Kenako ganizirani za selenium, mchere wopezeka m'zakudya. Popanga mahomoni, chithokomiro chimagwiritsa ntchito hydrogen peroxide, yomwe ikatsalira imapweteka chithokomiro chomwecho. Yotsalayo imachotsedwa ndi glutathione peroxidase, ndipo enzayimu imeneyi singagwire ntchito popanda selenium. Mcherewu ndi umenenso umathandiza kusandutsa T4, homoni yomwe chithokomiro chimatulutsa, kukhala T3, homoni yomwe maselo amagwiritsa ntchito kwenikweni. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 55 patsiku, omwe amapezeka mu nsomba, mazira ndi nyama. Kupitirira 400 patsiku n'kudziputira mavuto: tsitsi limathothoka, zikhadabo zimathetheka, m'kamwa mumatuluka fungo la adyo. Mapiritsi ake musamwe dokotala asanavomereze.

Ayodini naye safuna kuchulukitsa. Mamaikulogalamu 150 patsiku ndi okwanira kwa wamkulu, ndipo kwa amene ali ndi matenda a Hashimoto (omwe chitetezo cha thupi chimalimbana ndi chithokomiro), wochuluka amangokolezera vutolo.

Mavitamini C ndi E, omwe ndi ma antioxidant, muziwapeza m'masamba, zipatso ndi mtedza tsiku lililonse. Fodya musiyiretu, chifukwa utsi wake umadzaza thupi ndi ma free radical komanso uli ndi cyanide, yemwe amasanduka thiocyanate n'kumalepheretsa ayodini kulowa m'chithokomiro.