Kutumiza Form 5330 pa intaneti ku America

Ngati muli ndi kampani ku America ndipo antchito anu ali pa 401(k), pulani yosungira ndalama za penshoni, Form 5330 ndi ya msonkho wa chilango mukalakwitsa, makamaka mukadula ndalama pa malipiro awo koma mwachedwa kuziyika mu pulaniyo. Pamenepo IRS, bungwe la misonkho la boma la America, imafuna 15%, osati ya ndalama zonsezo ayi, ya chiwongoladzanja chomwe chinatayika basi.

Kuti mudziwe ngati muyenera kutumiza pa intaneti, yambani mwawerenga kuchuluka kwa mafomu onse omwe mukuyenera kupereka ku IRS chaka chomwe Form 5330 ikuyenera kutumizidwa, ma W-2 (a malipiro a antchito), ma 1099 (a malipiro ena), onse pamodzi. Akakwana 10 lamulo limati mutumize pa intaneti, lamuloli linayamba ndi zaka za msonkho zothera pa 31 Disembala 2023 kapena pambuyo pake. Kakampani ka antchito 8 kamafika 10 mosavuta kwambiri, musadzinamize.

Osapita pa EFAST2, njira ya pa intaneti imeneyo ndi ya Form 5500, lipoti la pachaka la pulaniyo. Form 5330 imadutsa pa Modernized e-File, njira ya IRS ya pa intaneti, kudzera kwa kampani yovomerezeka ndi IRS, afunseni a akaunti anu msanga. Tsiku lomaliza pa nkhani ya kuchedwayi ndi kutha kwa mwezi wa 7 chaka chanu cha msonkho chitatha. Form 8868 imakuonjezerani nthawi yotumiza fomu, koma ndalamayo mulipiretu.